Chitini Chimene Munakwirira

Lamlungu, 21 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu komanso khandalo. Kuno tadzuka, palibe wadwala kupatula ine amene msana ukundikumbutsabe kuti munthu wa msinkhu wanga sayenera kugona pansi. Mudabwa kulandira kalata pamene foni muli nayo m'manja, koma mukudziwa nokha mmene timalankhulirana pafoni. Inu mumakhala mukuthamangira basi yopita kwa nkhalamba zimene mumasamalira, ine ndili kunsi kwa galimoto ya munthu, ndipo tisanafike pa nkhani yeniyeni mwanena kale kuti "tilankhulanabe." Pepala silithamangira basi. Choncho khalani pansi, mundimvere mpaka ndimalize.

Kumsasa wogona m'matenti kuja tinapitadi monga munapemphera, ndipo tinabwerako Lachinayi. Koma zimene munandituma sindinachite, ndipo ndayamba ndi zimenezi kuti musawerenge masamba onsewa mtima uli m'mwamba. Ana anu sindinawauze kuti simubweranso kudzakhala kuno. Sindinawauze kuti munakwatiwa, kapena kuti ali ndi mng'ono wawo, kapenanso kuti mapepala a dziko limenelo sakulolani kuwatenga. Munati ndikawauzire kumalo kumene amasangalala, kuti nkhani yowawa ikatsikire limodzi ndi zotsekemera ngati mankhwala a mwana. Ndinavomera chifukwa chibadwire sindinaphunzire kukukanirani.

Mayina amene ndinawapatsa mutangochoka aja anawakakamira mpaka lero. Wamkulu timamutchabe Ahedi, ngati mphunzitsi wamkulu, chifukwa palibe chimene ungachite m'nyumba muno iye osakukonza, ngakhale kagwiridwe ka tsache. Watalika, akufika paphewa panga, ndipo nsapato akubwerekana ndi alamu anu, mkazi wangayu. Mnyamata uja ndi Namondwe, ndipo dzinalo amaligwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Mzime, amene munamusiya akuyenda chogwira mipando, wayamba sukulu ndipo mano akutsogolo aguluka, moti akaseka sungachitire mwina koma kuseka naye.

Njira yonse nkhani inali ya chitini chanu. Mukukumbukira ulendo womaliza uja, bambo awo atamwalira inu musananyamuke, pamene munakwirira chitini cha mabisiketi pansi pa mtengo waukulu kuseri kwa malo oimikapo matenti. Ine ndinali kunsi kwa galimoto kumangirira paipi ya utsi ndi waya, ndiye ndinangoona patali mutagwada nonse anayi. Munawauza kuti aliyense aikemo chinthu chimodzi, kuti zam'katimo ndi chinsinsi cha inu anayi basi, ndipo kuti palibe wokumba mpaka inu mutabwera. Achemwali, ana amenewa anasunga chinsinsicho kuposa mmene akuluakulu timasungira. Ndinayesapo kumunyengerera Namondwe ndi maswiti, iye anadya maswitiwo n'kundiuza kuti ndikafunse eni ake.

M'galimoto Mzime ankangofunsa kuti, "Amalume, chitini chimamva kuzizira?"

"Chimafunda dothi," anatero Namondwe. "Ndiye bulangete lake."

"Tikangochipatsa moni basi, eti? Sitikumba?"

"Sitikumba," anatero Ahedi ali kumpando wakumbuyo, maso ali pawindo.

Alamu anu anandiyang'ana cham'mbali. Ine ndinakweza wailesi.

Titafika tinapeza mtengo uja palibe. Anaudula, ndipo pamalo pake anathirapo simenti n'kumangapo masinki otsukira mbale, mipopi yake yonyezimira, denga la malata pamwamba. Ana anatsika m'galimoto n'kuthamangira komweko, kenako anangoima. Namondwe anazungulira simentiyo akuiponda ndi chidendene ngati akufuna pofewa. Mzime anakhala pansi pafupi ndi ngalande ya madzi a sopo n'kuyamba kulira, osati kulira kwake kofuna chinthu kuja, koma kwapansipansi, mapewa okha akugwedezeka.

"Nanga amayi akabwera adzakumba chiyani?" anatero. "Akamva kuti palibe, sabwera."

Pamenepo mpata unali utapezeka wokha, ndipo alamu anu anandigunda ndi chigongono kuti ndilankhule. Ndinangoomba m'manja n'kufuula kuti amene ayambe kupeza zikhomo za tenti m'galimoto ndiye mfumu ya msasa, ena onse azimutengera madzi. Namondwe anathamanga, Mzime anadzuka n'kumutsatira akupukuta mamina ndi mkono. Kuyambira nthawi imeneyo ntchito yanga inakhala imodzi, kuonetsetsa kuti pasakhale kamphindi koti mwana akhale chete n'kuyamba kuganiza.

Mukanandiona mukanaseka, Achemwali, ine amene munkanditcha gogo ndili mwana chifukwa chosakonda masewera. Tinaimika tenti mokhota dala kuti aiwongole okha. Tinapanga timabwato ta makungwa n'kumatipikisanitsa pakamtsinje ka kumunsi kuja, ine ndikuulutsa mpikisanowo ndi mawu a pawailesi. Tinatola miyala n'kuipatsa maudindo, wina dokotala, wina wapolisi, wina woba nkhuku, ndipo tinauzenga mlandu mwala wakubawo mpaka unavomera. Tinaika nyenyeswa za buledi panjira ya nyerere kuti tione ya ndani iyambe kulowa kudzenje. Mvula itagwa masana ena tinatsekeredwa m'tenti, ndiye ndinafunditsa bulangete pakhomo kuti mude, n'kumapanga agalu ndi mbalame pachinsalu ndi zala ndi tochi. Nzeru zitatha ndinayambitsa mpikisano wokhala chete, koma ndinauthetsa ndekha msanga, chifukwa nditaona nkhope ya Mzime ili duu ndinadziwa kumene maganizo ake akupita.

Ahedi sankasewera nawo. Ankadula anyezi ndi alamu anu, kuyanika matawulo, kuchotsa minga m'masokosi a ana, ndipo nthawi zina ndinkamupeza akundiyang'ana ngati mmene mumandiyang'anira inu ndikamanama. Ndikamuitana ankati, "Sewerani, Amalume, ine ndikuonererani."

Vuto linali lakuti mbale zimafuna kutsukidwa, ndipo kotsukira kunali komweko. Tikangodya, Mzime ankalanda makapu kuti akatsuke yekha, ndipo ndinamupeza atagona chafufumimba pasimenti yonyowa, khutu ataligunditsa pansi, akulankhula ndi chitini kuti chisaope. Anthu a m'matenti ena ankamulambalala ndi mapoto awo akumwetulira, poganiza kuti ndi masewera.

Alamu anu anandikokera kuseri kwa galimoto. "Bambo inu, mwabwera kudzachita zisudzo kuno? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Auzeni anawa, alire, tiwatonthoze tikadali kuno kopanda anthu otidziwa."

"Ndiwauza mawa."

"Mawa lanulo ndalimva kuyambira kunyumba. Kapena muwaimbire eni ake ana, anene okha. Wobereka ndi iwo, ife tikungogwirizira."

Ndiye chifukwa chake ndinakwera kaphiri ka kuseri kwa msasa kukasaka netiweki, tsiku lija ndinakuimbirani muli kukhitchini. Sindikudziwa ngati mukukumbukira bwino zimene tinakambirana, chifukwa khanda linkalira ndipo madzi ankatuluka pampopi. Ndinakuuzani za mtengo ndi simenti. Munati, "Iwe, si ndiwe wa zitsulo? Panga china, unene kuti amisiri anachisuntha. Uwauze kuti ndalola akumbe. Akakumba popanda ine ayamba kumvetsa okha, ndiye iwe udzangomalizitsa." Ndinakufunsani zimene zinali m'katimo. Munati kagalimoto ka Namondwe, kasokosi ka Mzime, ndipo pa Ahedi munaima kaye n'kunena kuti, "Riboni, ndikuganiza. Eya, riboni." Ndinafunsa ngati zinali zokhazo. Munati, "Basi, n'zomwezo, mwanayu wandinyowetsa, tilankhulanabe."

Sindikukuimbani mlandu pa nzeru imeneyo, poti ine ndinailandira ndi manja awiri. Inandipatsa chochita china m'malo mwa chimene ndinkachiopa.

Mkulu woyang'anira malowo ndi bambo wachikulire wa ndevu zoyera, amene amakhala m'kanyumba ka pageti momwe amagulitsiramo makandulo, machesi ndi gasi. Nditamufotokozera sanafunse zambiri. Anakhuthula mabisiketi m'chitini cha pashelefu yake n'kundipatsa, kenako anatulutsa katoni ya zinthu zimene alendo amaiwala. Munali zipewa, magalasi othyoka, nsapato za mwendo umodzi, ndipo pansi pake ndinapeza kagalimoto kopanda tayala limodzi ndi kasokosi ka khanda. Riboni anaidula pa kaambulera ka mwana kamene kanali momwemo.

"Simenti ija tinathira ndife," anatero akundiperekeza pakhomo. "Tikanadziwa tikanayamba takumba. Anthu amakwirira zambiri pamalo ano, bambo, koma obwerera kudzafukula ndi ochepa."

Moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana ndi dzimbiri. Ndimalipala ndi sandipepa, kulidula, kuwotcherera chitsulo chatsopano n'kupaka penti kuti mwini galimoto aiwale kuti linalipo. Tsiku limenelo, alamu anu atapita ndi ana kukamtsinje, ndinakhala kuseri kwa kanyumba ka pageti n'kumalipanga ndi manja anga. Ndinawotcha chitinicho pachitofu cha gasi mpaka penti inatukusira n'kusupuka. Ndinachikwecha ndi mchenga, n'kuchiponda pang'ono pakona kuti chioneke kuti dothi linachipsinja. Kenako ndinachithira viniga wosakaniza ndi mchere n'kuchikulunga m'chiguduli chonyowa. Pofika m'mawa chinali chitafiira ngati chakhala m'nthaka zaka zonsezi, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinanyadira ntchito yanga. Kagalimoto ndinakachita chimodzimodzi, sokosi ndi riboni ndinaziviika m'tiyi ndi m'matope. Ndinakwirira zonsezo patsinde pa mpanda wa maluwa, pafupi ndi masinki aja, n'kuwazapo masamba ouma.

Titamwa tiyi, mkulu wa pageti uja anabwera yekha monga tinapanganira, atagwira chipewa m'manja. Anauza ana kuti wamva kuti akufuna chitini, ndipo kuti amisiri pothira simenti anachipeza n'kuchikwiriranso pambali. Namondwe analumpha mpaka anagwetsa ketulo. Ine ndinawonjezera kuti ndalankhula nanu paphiri paja ndipo mwalola kuti akumbe.

"Alola?" anafunsa Ahedi.

"Alola."

"Anena okha kuti tikumbe iwo kulibe?"

"Ati mwadikira mokwanira."

Ahedi anatenga supuni yaikulu yophikira n'kutsogola.

Ndinawazunguliritsa kaye dala, ndikuwauza kuti apa mwatentha, apa mwazizira, kuti masewerawo atalike. Supuni itagunda chitsulo, Mzime anakuwa mpaka anthu anasuzumira m'matenti mwawo. Namondwe anachitulutsa ndi manja, ndipo chivindikiro chinakana kutseguka monga ndinafunira, mpaka ndinachita kuchitsegula ndi sikuludiraiva. Anatola kagalimoto kaja n'kukatembenuza. Anati kake kanali kofiira, ine ndinamuuza kuti dzimbiri limadya mtundu, iye anavomera msanga, chifukwa ankafuna kuvomera. Mzime anavala kasokosi kuzala n'kumaseka kuti phazi lake linali ngati la chidole. Ahedi anatola riboni ija ndi zala ziwiri, anaiyang'ana, n'kuiika paudzu. Kenako anatenga chitinicho, anapisa chala m'makona onse, anachizondotsa n'kuchigwedeza. Munagwa dothi lokha.

Mzime ndiye anafunsa. "Nanga ndolo ya amayi ili kuti?"

Achemwali, za ndolo simunandiuze. Ndinamva tsiku lomwelo, kuchokera pakamwa pa mwana amene sakukumbukira n'komwe nkhope yanu popanda chithunzi, koma nkhaniyo anaiphunzira kwa mkulu wake ngati pemphero. Akuti inu ndinu munamaliza kuika. Munavula ndolo ya kukhutu limodzi n'kuiponya m'chitini, ndipo munati inzakeyo muzivala kumeneko mpaka mudzabwere kudzaitenga, poti ndolo siyenda yokha. Mzime ananena mawu amenewo onse osaphonya, akundiyang'ana ine, mwini masewera, kuti nditulutse ndoloyo m'thumba monga ndinkatulutsira maswiti.

Alamu anu anayang'ana kumbali. Namondwe anasiya kuyendetsa kagalimoto kaja ndipo ndinaona nkhope yake ikuyamba kusintha, akuyang'ana tayala losowalo, kenako ine.

"Ndolo ndi kanthu kakang'ono," anatero Ahedi, mawu ake ali bwinobwino. "Amisiri posuntha chitini yagwera m'dothi. Ili pompano. Namondwe, katenge sefa ya tiyi kwa Anti. Mzime, iwe tenga mbale. Tigawana malo, aliyense asefe dothi lake, woipeza ndiye mfumu mpaka tikafike kunyumba."

Pa masewera onse amene ndinapanga kumsasa kuja, palibe amene anawagwira mtima ngati amenewo. Anasefa dothi mpaka dzuwa linapendeka. Ana a m'matenti ena anabwera kudzathandiza ndi makapu awo, ndipo anapeza zitsekerero za mabotolo, msomali, batani ndi mphutsi zambirimbiri, chilichonse akuchikuwira ngati chuma. Ahedi ankayendayenda pakati pawo atagwira m'chiuno, akulemba malire ndi kamtengo, akuweruza milandu ya olowerera dothi la anzawo. Ntchito yanga anali atailanda, ndipo ankaigwira bwino kuposa ine. Ndinakhala pa chigubu cha madzi n'kumaonerera, manja anga akununkhabe viniga.

Tsiku lonyamuka, ang'onoang'ono aja atapita kukasefa komaliza, ine ndi Ahedi tinatsala tikupinda tenti. Iye anagwira mbali ina, ine ina, tikuyandikirana n'kutalikirana monga zimakhalira popinda chinsalu chachikulu.

"Dzimbiri lija munalipanga bwino," anatero. "Koma limachoka ndi chala. Lenileni silichoka."

Ndinati ndamva.

"Anakuuzani okha zoti muikemo?"

"Eya."

"Ndolo sanaitchule?"

"Anali otanganidwa, mwanangu. Foni inkadukaduka."

"Ine sindinaikemo riboni, Amalume. Ndinaika kiyi wa nyumba yathu yakale, amene ankandimangirira m'khosi ndi chingwe popita kusukulu iwo akakhala kuntchito. Anandivula okha tsiku limenelo."

Tinapinda kachiwiri. Ndinkafuna kunena kuti zaka zapita, kuti munthu wogwira ntchito usana ndi usiku amaiwala, kuti kuiwala si kusakonda. M'malo mwake ndinangokoka mbali yanga ya chinsalu.

"Mwana amene amalira pafoni uja," anatero, "ndi wamkazi kapena wamwamuna?"

Achemwali, mundikhululukire. Munati adzamve mwadongosolo, koma sindikanatha kumunamizanso ali pafupi choncho. Ndinati ndi wamwamuna.

Anagwedeza mutu. Sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira, chifukwa mwana wolira umadziwa pomugwira. Anangoti, "Gwirani bwino mbali yanuyo, mukupinda mokhota." Titaiika tenti m'thumba lake anawonjezera kuti, "Ana aja musawauze. Mzime wangoyamba kumene kugona osadzidzimuka." Anati "ana aja," ngati iyeyo si mmodzi wa iwo.

Tisananyamuke Mzime anaumirira kuti chitini tichikwirirenso, kuti inu mukabwera mudzapeze chokumba. Namondwe anabwezeramo kagalimoto, Mzime kasokosi. Ahedi anakumba dzenje ndi supuni ija, anaika chitinicho, anafotsera n'kupondaponda. Riboni inatsala paudzu pomwe anaisiya, ndipo palibe anaitola. Tsopano m'nthaka imene ija muli zitini ziwiri zimene zikukudikirani, chenicheni pansi pa simenti pomwe palibe adzachifike, ndi changa chabodza pansi pa maluwa.

Pobwerera m'galimoto munali zii. Ndinayesa kuyambitsa masewera owerenga magalimoto oyera, koma Ahedi anati, "Asiyeni agone, Amalume, atopa." Ndinamvera.

Chibwerereni zinthu zikuoneka ngati zili m'malo mwake, ndipo n'zimene zikundiopsa. Ahedi amadzuka tonse tisanadzuke, amasita mayunifolomu a ang'ono ake, amawakonzera buledi wa kusukulu. Chithunzi chanu chimene chinkakhala pambali pa bedi lake anachisamutsira kuchipinda chochezera, pamwamba pa kabati, pamene pali zithunzi za achibale ena. Sanachitaye, sanachitembenuze, anachipukuta bwinobwino n'kuchiika pakati pa cha malemu bambo athu ndi cha ukwati wanga. Dzulo mutaimba foni, italira anaitenga n'kukapatsa Namondwe, iye n'kupita kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Mzime anabwera ndi dothi la kumsasa m'jumbo ya buledi, ife osadziwa. Amalisefa pakhonde akaweruka kusukulu, dothi lomwelomwelo, ndi sefa ya tiyi ya alamu anu, moti masiku ano timamwa tiyi wa masamba oyandama. Alamu anu akuti ndimulande, ine ndikulephera. Akutinso ndipange ndolo kugalaja ndiiponyemo, nkhani ithe. Ndikhoza kuipanga, waya wamkuwa ndili naye ndipo manja anga mukuwadziwa. Koma sindikuidziwa maonekedwe ake, ndipo amene akuidziwa m'nyumba muno ndi mmodzi yekha, yemwe sindingayerekeze kumufunsa. Komanso ndatopa, Achemwali. Bodza lililonse limene ndapanga, mwana uja ndi amene akulisenza.

Sindikulemba kuti ndikuweruzeni. Ndikudziwa mmene munachokera kuno, ndi chikwama chimodzi ndi maso otupa, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko mwakhala mukusambitsa makolo a eni ake kuti ana anu asagone ndi njala. Munthu sangakhale yekha mpaka kalekale, ndipo khandalo silinalakwe kanthu. Anawa kuno sadzasowa pogona, mwana wa mlongo wanga ndi wanga yemwe. Koma pali zimene malume sangathe. Ndikhoza kuwaseketsa, kuwongola njinga zawo, kupita kumisonkhano ya makolo kusukulu. Sindingathe kuwauza kuti mayi awo sabwera, ndipo ndaona kuti ngakhale nditapita nawo kumsasa chaka ndi chaka sindidzatha.

Pempho langa ndi ili. Ngati ndolo inzake ija mukadali nayo, kaya ili m'kabokosi kaya pansi pa chikwama, itumizeni, kuti Mzime aipeze m'dothi lake asiye kusefa. Ngati inatayika, ndiuzeni zoona, sindikauza munthu. Ndipo tsiku lina mukapuma kuntchito, mupatse alamu khandalo, mutseke chitseko, muimbe foni muwauze ana anu ndi pakamwa panu. Kwa ang'ono awiriwa mwina nthawi ikadalipo. Kwa wamkuluyu sindikudziwa, ndikuopa kuti madzi atayika kale, ndipo ndinagwedeza nawo chidebecho ndine.

Alamu anu akupereka moni, akuti mafuta opaka aja anafika ndipo akuthokoza. Anzanga a kugalaja amafunsa za inu. Ndinauza ana kuti ndikukulemberani, aliyense anene mawu ake. Namondwe akuti kagalimoto kake kanachita dzimbiri koma musadandaule, mukabwera adzakapenta kofiira ngati kale. Mzime akuti musavule inzakeyo, watsala pang'ono kuipeza, ndipo wajambula khutu pakona ya tsamba lino kuti musaiwale. Ahedi ndinamupeza akusita. Ndinamufunsa kawiri. Anaimika simbi, anaganiza pang'ono, n'kunena mwaulemu wake wonse uja kuti, "Muwauze achemwali anu kuti kuno tonse tili bwino."

Ndalemba monga ananenera.

Ndine mlongo wanu,
uja munkamubereka kumsana popita kusukulu.